Jinzi yothina idaikidwa m'manda mu 2021, koma yanga ndidakavalabe

Kumayambiriro kwa 2021 atsikana a ku America ndi ku Ulaya adalengeza maliro pa TikTok. Womwalirayo adali jinzi yothina, ija imamata mwendo kuchokera m'ntchafu mpaka m'kakolo, imene eni ake amaitcha skinny. Adati chovalacho ndi cha amayi amene utsikana udawapita, ndipo ena adafika ponena kuti ingotenthedwa. Pampando pake adakhazikapo jinzi yotakasuka miyendo, yaitali mpaka kusesa pansi. Amayi a zaka za m'ma 30 ndi 40 adabweza moto, nyuzipepala zikuluzikulu zidalemba nkhaniyo, ndipo posakhalitsa mkanganowo udatsikira m'mafoni athu, m'masaluni ndi m'magulu a WhatsApp. Koma taonani: 2025 itangoyamba, magazini a fashoni omwe aja adayamba kulemba kuti jinzi yothina yabweranso. Amene adataya zawo pomvera adzukulu okumba manda aja tsopano akuuzidwa kuti akagule zina.

Ine mkanganowu udandipeza pakhomo panga. M'mawa wina wa mu Juni, chiperoni chitakuta Blantyre yense, ndidavala jinzi yanga yakuda yothina n'kuilowetsa m'jombo zofika m'munsi mwa bondo. Mwana wa mchimwene wanga, amene ali ku koleji, adandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi nati, "Azakhali, mukupita kuti chonchi? Zimenezotu zidatha kalekale." Ndidamufunsa kuti zidatha bwanji pamene sizidang'ambike. Adangoseka n'kupukusa mutu ngati ndafunsa za kumidima. Funso limenelo ndi limene ndabwera nalo pabwalo, ndipo mbali yanga ndinena poyera: mayi asankhe jinzi ndi jombo poyang'ana thupi lake, nyengo ya kumene akukhala, njira imene amayenda ndi thumba lake. Fashoni aimvetsere monga amamvetsera mlendo wobwera ndi nkhani za kutali, atolepo zomukomera, koma asaipatse mpando wa mfumu yogamula mlandu. Mlendo ndi mame, ndipo palibe amene amagwetsa nyumba yake chifukwa choti mlendo wanena kuti kwawo samanga choncho.

Choyamba tione mmene msamphawu umatcheredwera, chifukwa pa jinzi ndi jombo umaonekera bwino kuposa pa chovala china chilichonse. Ziwirizi zimayenda ngati mkazi ndi mwamuna: mmodzi akasintha, mnzake sangakhale chimodzimodzi. Jinzi yothina imalowa m'jombo zazitali bwinobwino, n'chifukwa chake zaka za m'ma 2010 zidali za jombo zofika pabondo ndi tijombo tolekeza m'kakolo toonekera poyera. Jinzi yotakasuka siilowa m'jombo, ndipo mukaikakamiza imatukumuka pamwamba ngati thumba la makala. Imafuna nsapato yokhala ndi soli yochindikala kapena gogoda woti akweze mwendo kuti nsalu isakwekwereze pansi, kapenanso jombo yosongoka kutsogolo yoti nsonga yake isuzumire pansi pa mpendero. Choncho munthu akakuuzani kuti jinzi yanu yatha, wakuuzani zinthu zitatu nthawi imodzi: gulani jinzi, gulani nsapato, ndipo posachedwa mugulanso bulauzi yaifupi chifukwa yaitali ija ikumeza mukaivala pamwamba pa buluku lotakasuka. Mawu amodzi a pa TikTok, malipiro a mwezi wathunthu apita.

Chachiwiri, tidzifunse kuti kalendala imene tikuithamangirayi adailemba ndani, ndipo adalembera yani. Zimene zidzatchuke m'masitolo zaka ziwiri zikubwerazi sizigwa kumwamba ngati mvula. Pali makampani, monga WGSN ya ku London, amene ntchito yawo ndi kulosera mitundu ndi masokedwe n'kugulitsa malosedwewo kwa opanga zovala. Zara idatchuka chifukwa chotha kufikitsa chovala chatsopano m'sitolo m'masabata ochepa chabe, ndipo Shein imaika zovala zatsopano masauzande pa intaneti tsiku lililonse. Makampani amenewa sangakhale ndi moyo ngati mayi aliyense atakhutira ndi majinzi ake atatu kwa zaka 10. Sindikuti ndi mfiti ayi, ndi malonda chabe, koma wogulitsa akamakuuzani kuti chimene muli nacho chatha ntchito, mumafunsa kaye kuti phindu la mawuwo likupita m'thumba la yani. Onjezerani apa nkhani ya nyengo. Jombo zatsopano za ku Ulaya ndi ku America zimatuluka mu Sepitembala ndi Okutobala pokonzekera chisanu chawo. Kwathu kuno imeneyo ndi miyezi imene phula limachita kufewa, ku Chikwawa ndi ku Nsanje anthu akugona panja. Ndidamuonapo mtsikana m'tauni dzuwa la Okutobala lili pamutu, atavala jombo za ubweya m'kati, thukuta lili kamukamu, chifukwa chakuti ndi zimene zinkayenda pa Instagram sabata imeneyo. Pamene Juni ndi Julayi afika, ku Dedza ndi ku Mzuzu zala zili gwaa ndi kuzizira, mafoni akutionetsa masilipasi a m'mphepete mwa nyanja.

Ndipo pansi pamene timapondapo si pomwe amaponda ojambulidwa a pa Instagram aja. Jinzi yosesa pansi imakongola kwa munthu wotsika galimoto n'kulowa m'nyumba ya matailosi. Mayi wochokera ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Area 25 amayenda kaye pafumbi kapena pamatope kuti akafike pasiteji, akwere minibasi mopanikizana, mwina amalize ulendo pa kabaza. Pofika kuofesi mpendero uli wofiira ngati wapita kudambo, ndipo pakatha miyezi iwiri wanyenyeka kumbuyo chifukwa cha kupondedwa ndi chidendene. Pa kabaza wa njinga yakapalasa mwendo wotakasuka umafunanso kuugwirira kuti usakodwe m'masipoko. Jinzi yopapatiza yolowa m'jombo, imene akuti ndi yachikale, ndiyo imafika youma nthawi ya dzinja. Koma sindikuikira kumbuyo jinzi yothina ngati kuti ndi mbale wanga. Nayonso mu Novembala ndi chilango, ndipo tsiku lotentha buluku lotakasuka ndi mpumulo weniweni. Mfundo yanga ndi yakuti woyenera kugamula ndi mwini mwendo, amene akudziwa njira yake ndi mwezi umene ali.

Tsopano ndimve otsutsa, chifukwa ali ndi mfundo zolemera. Yoyamba, imene ndimaiona yamphamvu kuposa zonse, imati: kodi chimene mukuchitcha sitayelo yanuyanucho mudachitenga kuti? Jinzi yothinayo inunso mudaiyamba chifukwa aliyense ankaivala muli ndi zaka 22. Simudathawe fashoni, mudangokakamira fashoni ya utsikana wanu n'kuipatsa dzina lokongola. Ndikuvomera theka la mawuwa. N'zoona kuti palibe amene adabadwa ndi jinzi m'manja, ndipo tonse tidaonera kwa wina. Koma pali kusiyana pakati pa njira imene chinthu chidalowera m'nyumba ndi chifukwa chimene chidakhalira. M'zaka zomwezo ndidagula zinthu zambiri chifukwa choonera: jinzi yotsika m'chiuno imene inkandichititsa manyazi ndikawerama pamsika, jombo za gogoda wosongoka zimene zidandibinya phazi pamiyala. Zimenezo zidapita zokha popanda wondiuza. Zimene zidatsala ndi zimene zidapambana mayeso a zaka zambiri pathupi langa, ndipo mayeso amenewo ndi amene ndikuwatcha sitayelo ya munthu. Jinzi yeniyeniyo idakhalitsa motero. Levi Strauss ndi telala Jacob Davis adalandira chiphaso cha luso lokhoma tizitsulo m'makona a matumba pa 20 Meyi 1873, pofuna kuti buluku la wogwira ntchito ya thukuta lisang'ambike. Ya amayi, imene kampani ya Levi's idaitcha Lady Levi's, idatuluka mu 1934. Zaka zoposa 150 zapita, masitayelo zikwizikwi adzuka n'kugona, koma nsalu ija ndi tizitsulo tija zilipobe chifukwa zimagwira ntchito.

Mfundo yachiwiri imati maonekedwe ndi chilankhulo, ndipo amene akulankhula cha makedzana anthu samumva. Mtsikana wofuna ntchito kubanki, wogulitsa malonda pa Facebook, kapena woitanidwa ku phwando la anzake amaweruzidwa ndi maso asanatsegule pakamwa. Tsabola wakale sawawa, amatero. Apa sindikana kuti anthu amaweruza. Chimene ndikukana n'chakuti amaweruza potengera kalendala ya ku Paris. Ganizirani mayi amene mumamusirira kuntchito kapena kutchalitchi kwanu, uja aliyense amati amadziwa kutchena. Kodi mungathe kunena chaka chimene jinzi yake idasokedwa? Chimene maso amaona ndi chakuti chovala chamukhala, n'choyera, nsapato yapukutidwa, ndipo akuyenda momasuka. Chimene maso amaonanso msanga ndi munthu amene chovala chikulimbana naye: akukoka chiuno cha buluku mphindi iliyonse, akuyenda ngati waponda minga chifukwa jombo ikumuluma. Jinzi yotakasuka kwambiri imamuyenera mayi wamtali, koma wamfupi ngati ine imandisandutsa chitsa chovekedwa nsalu. Kuvala chosakuyenera chifukwa chafika kumene ndiye kulankhula chilankhulo cha eni ake molakwitsa, kumene kumaseketsa kuposa kulankhula chako bwinobwino.

Mfundo yachitatu ndi imene ndimaigwira mosamala, chifukwa ili ndi mbiri yowawa kwathu kuno. Ena amati aliyense wodzudzula fashoni ndi mbale wa aja amafuna kulamula matupi a amayi. Lamulo la kavalidwe la 1973, la Decency in Dress Act, lidaletsa amayi a m'Malawi kuvala mabuluku ndi masiketi oonetsa mawondo, ndipo lidachotsedwa dziko litasankha ndale za zipani zambiri pa referendamu ya 1993. Amayi athu adakula osadziwa kuti jinzi imamveka bwanji pamwendo. Ngakhale lamulo lidachoka, mtima wake sudachoke. Mu Januwale 2012 anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre adavula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi, mpaka amayi adasonkhana mwaunyinji mumzinda wa Blantyre kudzudzula nkhanzazo, a Joyce Banda, amene panthawiyo adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ali pakati pawo. Choncho mtsikana akandiuza kuti, "Ndisiyeni ndivale zimene ndaona pa foni, ufulu umenewu tidachita kuumenyera," ndimamumvetsa, ndipo wina akafuna kumugwira ndidzaima kumbali yake. Koma tamverani bwino zimene amayi a 2012 aja ankafuna. Sankapempha chilolezo chovala jinzi ya mtundu wakutiwakuti. Ankati wosankha akhale mwini thupi. Ngati zili choncho, mfundo imeneyi ili kumbali yanga. Sindikuyerekeza nthabwala ya pa TikTok ndi nkhanza za pamsewu, zimenezo ndi zinthu zotalikirana kwambiri. Ndikungoti ufulu umene udatitengera zaka 20 kuti tiupezenso si woti tiupereke mwaulemu kwa mlendo wa pa intaneti kuti azitiuza mwendo wa buluku ukhale wotakasuka masentimita angati. Mtsikana wovala jinzi yosesa pansi chifukwa waikonda ndi mfulu. Wovala chifukwa akuopa kusekedwa m'kalasi akadali ndi womulamula, kungoti wasintha dzina.

Pali chinanso chimene ndiyenera kuvomereza popanda kukakamizidwa: fashoni nthawi zina imabweretsa mphatso. Zaka zimene jinzi yothina inkalamulira, amayi a ntchafu zodzaza ndi mbina ankavutika kupeza chowakwana, ndipo a katumba wamkulu ankabwerera kunyumba manja ali m'khosi chifukwa zipi ya jombo yaitali imakanira pakati. Kubwera kwa jinzi yokwera m'chiuno ndi yotakasuka kudawamasula ambiri. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma phunziro la nkhani imeneyi likulasa fashoni yomweyo: amayiwo adavutika zaka zonse zija chifukwa masitolo adagwirizana kuti mwendo wa mkazi ndi wa mtundu umodzi. Lero wapeza jinzi yomuyenera, kodi aitaye mawa akalengeza kuti yothina yabwerera?

Mfundo yachinayi ndi ya m'thumba, ndipo imachokera kwa amalonda. Amati fashoni ikaima malonda aima: mayi wa kaunjika ku Limbe kapena ku Tsoka, mtsikana wooda katundu ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg, onsewa amadya chifukwa anthu amafuna zatsopano. Sindipeputsa zimenezi, makamaka pano. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kumayambiriro kwa 2025 ogulitsa kaunjika adaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kudandaula kukwera mtengo kwa mabelo. Koma mayi wosankha mwa yekha sasiya kugula. Amagula mosiyana. Ndalama imene ikadapita ku jombo zitatu za chikopa cha pulasitiki, zija zimasupuka ngati njoka ikufundula zikangoona dzuwa ndi chinyezi cha nyengo imodzi, imapita ku jombo imodzi ya chikopa chenicheni, ndipo yotsalayo imapita kwa wosoka nsapato wa pakhonde la sitolo amene amaika soli yatsopano, ndi kwa telala amene amabweza chiuno cha jinzi kuti chisayasame kumbuyo. Amenewanso ndi amalonda, ndipo ndalama yawo siituluka m'dziko.

Pamenepa kaunjika ali ndi chinsinsi chimene otsatira fashoni sachiona. Mabelo amene amatsegulidwa m'misika yathu ndi m'masitolo a DAPP amadzaza ndi zimene a ku Ulaya ndi ku America adazitaya. Chimene chatchuka kumeneko lero chimafika kuno mwaunyinji patapita nthawi, chitayamba kale kuzilala kwawoko. Wofuna kukhala patsogolo amalipira mtengo wa "zosankha" pothamangira chinthu chimene eni ake akuchitsanzika kale. Koma mayi wodziwa chimene chimamukhala, maliro a pa TikTok aja kwa iye ndi phwando: majinzi abwino amene adatayidwa osati chifukwa chong'ambika koma chifukwa chotchedwa akale amapezeka pamulu, ena akuoneka kuti sadavalidwe n'komwe. Amafunika maso okha. Atembenuze aone pakati pa miyendo ngati nsalu siidapyapyale. Aikoke pang'ono: ikakhala yotanuka ngati legeni, ndiye kuti ulusi wa mphira wachuluka, ndipo ulusi umenewo sugwirizana ndi dzuwa lathu kapena nsimbi ya makala, pakapita miyezi mawondo amakhala atalendewera. Jombo aipinde pamene zala zimapindikira, aone ngati chikopa chikuchita makwinya kapena chikusweka.

Mulu umenewo uli ndi mbali inanso imene sitiikamba kawirikawiri. Kafukufuku wa kampani ya Levi's yomwe adapeza kuti jinzi yake imodzi ya mtundu wa 501 imadya madzi okwana malita 3,781 pa moyo wake wonse, kuyambira m'munda wa thonje mpaka kuchapa kwa mwini wake. Amenewo ndi zigubu 189 za malita 20, ndipo mayi amene adaimapo pamzere wa pa mjigo akudziwa kulemera kwa chigubu chimodzi. Ku msika wa Kantamanto ku Accra, m'dziko la Ghana, kumafika zovala pafupifupi 15 miliyoni pa sabata, ndipo bungwe la Or Foundation limati pafupifupi 40 mwa 100 zilizonse zimathera kudzala, m'ngalande ndi m'mphepete mwa nyanja. Sitayelo iliyonse ikalengezedwa kuti yafa, mtembo wake umatumizidwa ku Africa. Ife amene tikukhala kumanda kwa fashoni ya ena tiyenera kukhala omaliza kukhulupirira kuti chovala chimafa chifukwa choti wina wanena.

Otsutsa otsiriza ndi aja amati ndikulemetsa nkhani yopepuka: kutchena ndi masewera, kusinthasintha n'kosangalatsa, bwanji kuchita ngati mlandu wa munda? Amenewa ndiwayankha mwachidule chifukwa sitikusiyana kwenikweni. Sewerani. Yesani jinzi yokhota miyendo ngati mbiya ija yatchuka posachedwa, yesani jombo za akawuboyi pansi pa diresi la chitenje. Kungoti masewera ndi amene munthu amatha kuwasiya akatopa. Ngati mukukongola katapila kuti mugule jombo zimene muvale kawiri, kapena mukusiya m'sutikesi jinzi imene mumaikonda chifukwa choopa maso a atsikana a kuofesi, amenewo salinso masewera. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Kunena zoona, chaka chatha inenso ndidagula jinzi yotakasuka. Ndidaipeza pamulu, nsalu yolimba ya thonje, yabuluu wozama, ndipo m'chiuno idandigwira ngati adandiyeza. Ndidapita nayo kwa telala wanga, bambo wachikulire amene wakhala akundisokera zaka zambiri, nditavala tijombo tanga tolekeza m'kakolo kuti ayezere pomwepo. Adagwada, adapinda mpendero, nafunsa, "Mayi, tidule zala zingati?" Ndidati zinayi, kuti isakhudze pansi. Mwana wa mchimwene wanga uja ataiona adagwira pakamwa. "Azakhali, mwaiononga! Imeneyitu imafunika izikokeka pansi." Ndidamuuza kuti akakhala ndi galimoto yake adzandibwereke, ndidzamasula mpenderowo. Padakali pano ndimaivala masiku otentha, yakuda yothina ija masiku a chiperoni ndi a matope, ndipo jombo zanga zazitali zili kwa wosoka nsapato, akuziika soli yachitatu.